NJOKA ZAULULU M'TCHIRE LATHU: MALANGIZO KWA ALENJE NDI ALIMI

Kodi mukamapita ku tchire mumanyamula chiyani? Wopita ku uzimba amatenga agalu, chibonga ndi nkhwangwa. Wokakumba mbeŵa amatenga khasu. Wokafula uchi amatenga moto ndi chidebe. Koma ndi ochepa amene amayamba adzifunsa kuti, "Nanga njoka ikakandiluma kumeneko, ndikafika bwanji ku chipatala?"

Funso limeneli ndi lalikulu kuno ku Chitipa. Boma lathu ndi la mapiri ndi zigwa. Midzi yambiri ili kutali ndi chipatala, ndipo nthaŵi ya dzinja miseu ina imavuta kuyendamo. Munthu akalumidwa ndi njoka yaululu, moyo wake umadalira zinthu ziŵiri: zimene anzake achita pamalo pomwepo, ndi nthaŵi imene yapita asanafike kwa achipatala. Ŵerengani bwino nkhaniyi, ndipo muŵaŵerengerenso anzanu a m'mudzi.

ALENJE A MITUNDU IŴIRI

Mtsinje wa Luangwa umayambira m'mapiri a Mafinga, m'malire a boma lathu ndi dziko la Zambia. Kumunsi kwa mtsinjewo, m'dziko la Zambia, kuli madera amene boma la kumeneko limalola alendo kusaka nyama akalipira ndalama zambiri. Ulendo wotere amautcha safari. Alendo ake amachokera ku Ulaya, ku America ndi maiko ena akutali.

M'chigwa cha Luangwa muli mphiri ndi mamba monga kwathu kuno. Koma taonani mmene mlendo wa safari amayendera. Amavala nsapato zochindikala zobisa akakolo, ndi buluku lalitali la nsalu yolimba. Sayenda yekha. Patsogolo pake pamakhala anthu odziŵa tchire, olondola mapazi a nyama. Usiku amagona pa bedi m'tenti yotseka, ndipo akamatuluka amanyamula tochi. Galimoto imakhala pafupi nthaŵi zonse.

Tsono taonani mlenje wa kwathu. Amayenda wopanda nsapato, kapena atangovala nkhwaira. Amapisa dzanja mu una osaona chimene chili m'katimo. Amabwerera kumudzi mdima utagwa, nyali alibe. Njoka ndi zomwezo, tchire ndi lofanana, koma ngozi imagwera wakwathuyu kuposa mlendo uja. Mlendoyo sadadye mankhwala a njoka ai. Wangosamala zinthu zitatu: chovala ku mapazi, malo opisapo manja, ndi njira yofikira msanga ku chipatala. Zitatu zimenezi ifenso tingathe kuzisamala ngakhale tilibe galimoto.

Kumbukiraninso kuti kusaka kuli ndi malamulo ake. Nkhalango ya Nyika, imene mbali yake ina ili m'boma lathu cha ku Nthalire, idakhazikitsidwa kukhala malo osungirako nyama m'chaka cha 1965, ndipo idakuzidwa mu 1978. M'menemo kusaka n'koletsedwa. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, limene lidakonzedwanso mu 2017, lili ndi zilango zoŵaŵa, mpaka zaka 30 m'ndende pa milandu ina. Munthu woloŵa m'nkhalango mozemba amadziika pa ngozi ziŵiri. Amayenda usiku wosayatsa nyali, ndipo akalumidwa anzake amazengereza kupita naye ku chipatala poopa mafunso. Musaloŵemo. Koma ngati ngozi yagwa kale, moyo wa munthu ndiwo woyamba. Thamangirani naye ku chipatala.

VUTO LA MAIKO AMBIRI

Kulumidwa ndi njoka si vuto la ku Chitipa kokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, la World Health Organization, limati chaka chilichonse njoka zimaluma anthu pafupifupi 5,400,000. Mwa anthu ameneŵa, pakati pa 81,000 ndi 138,000 amamwalira. Enanso ambiri amatsala opunduka, ena kudulidwa mwendo kapena dzanja. Ambiri mwa olumidwawo ndi anthu a kumudzi onga ife: alimi, abusa a ziŵeto, alenje ndi ana.

M'chaka cha 2017 bungweli lidaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda a m'maiko otentha amene akhala akunyalanyazidwa. Mu 2019 lidakonza ndondomeko yofuna kuchepetsa imfa ndi kupunduka ndi theka pofika chaka cha 2030. Ntchito imeneyi imayambira m'mudzi, kwa inu ndi ine.

NJOKA ZOTI MUZIDZIŴE

M'Malaŵi muli mitundu ya njoka yoposa 60, koma yambiri siingaphe munthu. Zoopsa zenizeni n'zoŵerengeka. Kuno kwathu zilankhulo n'zambiri. Mlambya, Mndali, Msukwa, Mnyiha ndi Mtumbuka angathe kutchula njoka imodzi maina osiyana. Chifukwa chake gwiritsitsani maonekedwe ndi khalidwe la njokayo, osati dzina lokha.

Yoyamba ndi mphiri. Ndi yaifupi, yonenepa, ya mutu waukulu wophwatalala. Kutalika kwake ndi pafupifupi mita imodzi. Khungu lake limafanana ndi masamba ouma. Njoka zambiri zikamva mgugu wa mapazi zimathaŵa, koma mphiri imangogona phee m'njira, kudalira kuti simuiona. N'chifukwa chake anthu amaiponda, makamaka madzulo ndi usiku. Ululu wake umaŵaŵa kwambiri. Mwendo umatupa, pamatuluka matuza, ndipo mukachedwa mnofu umayamba kuola.

Yachiŵiri ndi mamba yolavula. Ikaopsezedwa imaimika mutu, kutambasula khosi, ndi kulavulira ululu m'maso mwa munthu ngakhale ataima pa mtunda wa mamita aŵiri. Imakonda kukhala m'chulu ndi m'mauna. Usiku imabwera pakhomo kudzafuna makoswe, achule, mazira ndi anapiye. Imaloŵa ndi m'nyumba momwe, ndipo imatha kuluma munthu ali m'tulo. Bala lake nalonso limatupa ndi kuola.

Yachitatu ndi mamba yaitali imene m'madera ena amaitcha songo. Thupi lake ndi lotuwa, koma m'kamwa mwake ndi mwakuda bii. Imatalika mamita aŵiri kapena atatu, zina kuposa apo. Imakhala m'miyala, m'chulu ndi m'mitengo ya mphako. Ululu wake sutupitsa kwambiri, ndipo pamenepa m'pamene anthu amanyengeka. Umafooketsa thupi lonse. Zikope zimalemera, dovu limatuluka, munthu amalephera kumeza ndi kulankhula, kenaka amalephera kupuma. Zimenezi zingayambe ola limodzi lisanathe.

Palinso njoka ziŵiri za m'mitengo. Ina ndi nalikukuti, yoonda ngati kanthambi kouma. Ina ndi ya maso akuluakulu, yobiriŵira kapena yofiirira, imene pa Chingerezi amaitcha boomslang. Njoka ziŵirizi n'zamanyazi ndipo siziluma wamba, pokhapokha munthu akazigwira. Koma ululu wake umaletsa magazi kuundana. Munthu angakhale bwinobwino tsiku lonse, n'kuyamba kutuluka magazi m'mphuno, m'nkhama ndi mu mkodzo m'maŵa mwake. Ofula uchi, othyola zipatso ndi odula mitengo chenjerani nazo.

Okumba mbeŵa dziŵani kanjoka kena kakang'ono, kakuda, konyezimira, kokhala pansi pa nthaka. Kamatuluka mvula ikagwa. Kamaoneka kopusa, koma mano ake amatulukira cham'mbali mwa kamwa, kotero kuti ngakhale mukagwire pakhosi kamabaya chala. Anthu ena adaduka zala chifukwa cha kanjoka kameneka.

Nsato ilibe ululu. Komabe mano ake ndi ambiri ndipo amang'amba, choncho bala lake nalo lifunika kutsukidwa ku chipatala.

KODI NJOKA IMALUMIRANJI MUNTHU?

Njoka sidya munthu, ndipo siyenda kufunafuna munthu. Ululu wake ndi wophera mbeŵa, achule ndi mbalame. Imaluma munthu ikapondedwa, ikagwidwa, kapena ikasoŵa kothaŵira. N'chifukwa chake mabala ambiri amakhala ku mapazi, m'miyendo ndi m'manja.

Ganizirani ntchito zathu. Mbeŵa ndi chakudya cha njoka, ndiye una wa mbeŵa ndi khomo la njokanso. Kalulu akathaŵira ku dzenje kapena pansi pa mwala, angathe kupezana ndi mwini malo m'menemo. Chulu chimene timatcherapo ngumbi ndi nyumba ya mamba. Tchire likamapsa njoka zimathaŵa moto n'kuloŵera kumene kwaima anthu. Ku Misuku, masamba a nthochi ndi udzu wophimbira m'minda ya khofi zimasunga chinyezi, ndipo njoka zimabisalamo. M'madimba a m'mbali mwa Songwe muli achule ambiri, ndipo pali achule njoka sizisoŵa. Nthaŵi ya mvula zoyamba, polima ndi popalira, ndiponso nthaŵi yokolola, m'pamene munthu ndi njoka amakumana kaŵirikaŵiri.

KUPEŴA

1. Valani nsapato zotseka, makamaka majombo a mphira, ndi buluku lalitali. Mtengo wa majombo ndi wochepa poyerekeza ndi mwendo wanu.

2. Musapise dzanja mu una, m'mphako, m'chulu kapena pansi pa mwala. Yambani mwatokosa ndi ndodo yaitali, ndipo kumbani ndi khasu.

3. Poyenda mu udzu wautali, gogodani pansi ndi ndodo patsogolo panu.

4. Mukapeza chipika m'njira musachilumphe. Kwerani pamwamba pake, yang'anani mbali inayo, kenaka tsikani.

5. Usiku nyamulani tochi, ngakhale popita ku chimbudzi kapena ku khola.

6. Mukaona njoka, imani. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono ndi kuisiyira njira. Ambiri amalumidwa pofuna kuipha. Agalu akaizinga, aitaneni muchoke.

7. Musagwire njoka yakufa. Mutu wa njoka ungathe kuluma ngakhale utadulidwa.

8. Lambulani pakhomo. Nkhuni, njerwa ndi zinyalala zikhale patali ndi nyumba. Samalani nkhokwe kuti makoswe asachuluke, pakuti makoswe ndiwo amaitana njoka.

9. Gonani m'neti ya udzudzu, ndipo muipisire bwino pansi pa mphasa kapena matiresi. Neti imatchinga udzudzu, imatchinganso njoka. Kutumulani nsapato ndi zofunda musanazigwiritse ntchito.

10. Musapite ku tchire nokha. Uzani a pakhomo kumene mwaloŵera.

Makolo, anyamata athu ndiwo amakonda kukumba mbeŵa ndi kusaka mbalame. Njoka ikaluma mwana imathira ululu wofanana ndi umene ikadathira mwa munthu wamkulu, koma thupi la mwana ndi laling'ono. Chifukwa chake mwana amafooka msanga. Aphunzitseni ana malangizo ameneŵa.

MUNTHU AKALUMIDWA CHITANI IZI

1. Mchotseni pamalo pamene pali njokapo. Musataye nthaŵi ndi kuisaka. Mukakwanitsa kuona mtundu ndi kutalika kwake, n'zokwanira.

2. Mkhazikeni mtima pansi. Muuzeni kuti ambiri olumidwa amachira. Munthu akamathamanga kapena kudziponyaponya, ululu umafalikira msanga m'thupi.

3. Vulani mphete, zibangili, wotchi ndi nsapato thupi lisanatupe.

4. Mwendo kapena mkono wolumidwawo usagwedezeke. Ikani kamtengo koongoka m'mbali mwake ndi kukulunga ndi chitenje mosathinitsa, monga timachitira ndi munthu wothyoka fupa.

5. Mnyamuleni, asayende yekha. Pangani machira ndi mitengo iŵiri ndi bulangete. Mukafika pa mseu funani galimoto kapena njinga yamoto. Pa njinga yamoto pakhale munthu wina kumbuyo womugwirizira.

6. Akayamba kusanza kapena kufooka, mgonekeni chammbali, cha kumanzere, kuti masanzi ndi dovu zisamtsamwitse.

7. Lembani pa pepala nthaŵi imene walumidwa. Lembaninso mzere ndi bolopeni pakhungu pamene kutupa kwalekezera, ndi nthaŵi yake. Pakapita ola limodzi lembani mzere wina. Achipatala akaona mizereyo adzadziŵa liŵiro la ululuwo.

8. Ngati ululu waloŵa m'maso, tsukani m'masomo ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15 kapena 20. Asatikite m'maso. Mukatero pitani nayebe ku chipatala.

MUSACHITE IZI

Musamange mwendo ndi luzi, chingwe kapena mphira. Ambiri amaganiza kuti kumanga kumatsekereza ululu. Chimene chimatsekeka ndi magazi. Mwendo ukakhala maola angapo wopanda magazi umafa, ndipo mapeto ake ndi kuudula. Pa bala la mphiri kumanga kumaonjezera kuola.

Musateme mphini pabalapo. Ululu umakhala utaloŵa kale m'kati, sutuluka ndi mphini. Ngati njokayo ndi yoletsa magazi kuundana, mphinizo zidzangochucha magazi osaleka. Lumo ndi zopakapaka zimaloŵetsanso tizilombo ta kafumbata.

Musayamwe bala ndi pakamwa. Musaotche ndi moto. Musadalire mwala wakuda umene ena amamata pabala, pakuti sutulutsa ululu umene waloŵa m'thupi.

Musampatse moŵa, kachasu kapena mankhwala osanzitsa. Musampatse asipirini, chifukwa amaonjezera kutaya magazi. Ngati ululu wa bala wakula, panado ndiye woyenera.

NANGA BWANJI ENA AMACHIRA KUMUDZI?

Mwina mukuti, "Koma ife tidaona munthu atalumidwa, adamwa mankhwala azitsamba, ndipo adachira." N'zoona, adachira. Chifukwa chake nachi. Njoka zambiri zilibe ululu woopsa. Ndiponso njoka yaululu nthaŵi zina imaluma osathira ululu, kapena kuthira pang'ono chabe. Munthu wotere amachira ngakhale asamwe kanthu kalikonse.

Vuto ndi lakuti pa nthaŵi yolumidwayo palibe amene angadziŵe ngati ululu waloŵa wambiri kapena ai. Mukayamba mwadikira kumudzi kuti muone, zizindikiro zikamaoneka nthaŵi yatha kale. Asing'anga ndi abale athu, ndipo anthu amaŵakhulupirira. Sing'anga wokonda anthu ake ndi amene amati, "Nyamulani munthuyu, thamangirani ku chipatala." Mafumu ndi akuluakulu a mipingo akambirane nawo za nkhani imeneyi mwaulemu.

KU CHIPATALA AMACHITA CHIYANI?

Pitani ku chipatala chimene chili pafupi nanu, kaya ndi ku Nthalire, ku Wenya, ku Misuku, ku Kameme, ku Ifumbo kapena ku Kaseye. Achipatala akaona kuti matenda akula adzatumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha pa boma la Chitipa, ndipo ngati kufunika kutero, mpaka ku Mzuzu Central Hospital.

Kumeneko amayesa kapumidwe ndi kayendedwe ka magazi. Amatenga magazi pang'ono n'kuika m'kabotolo kagalasi kwa mphindi 20. Akapanda kuundana, amadziŵa kuti ululu ukugwira ntchito m'magazi. Amatsuka bala, kuika diripi, kubaya jakisoni wa kafumbata, ndi kuthandiza munthu wolephera kupuma.

Mankhwala enieni olimbana ndi ululu wa njoka alipo. Adayamba kupangidwa ndi dokotala wa ku France, Albert Calmette, m'zaka za m'ma 1890. Opanga amabaya kavalo ululu wochepa kwambiri kwa miyezi ingapo. Thupi la kavaloyo limapanga chitetezo, ndipo chitetezocho amachitenga m'magazi ake, kuchiyeretsa ndi kuchiika m'timabotolo. Mankhwala ameneŵa amaperekedwa kudzera mu mtsempha. Anthu ena thupi lawo limadana nawo, choncho amaperekedwa ku chipatala kokha, dokotala ali pomwepo. Si munthu aliyense wolumidwa amene amafunika kulandira. Amene amaona ndi achipatala.

Mankhwalaŵa ndi okwera mtengo, ndipo sapezeka pa chipatala chilichonse nthaŵi zonse. Zimenezi zisakugwetseni ulesi. Thandizo lina lija, la diripi, la kupuma, la magazi ndi la kusamala bala, limapulumutsa miyoyo ndi miyendo yambiri.

Achipatala akanena kuti wodwala agone kuti amuonetsetse kwa tsiku lathunthu, musakane ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Kumbukirani njoka za m'mitengo zija, zimene ululu wake umaonekera mochedwa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

MUDZI UKONZEKERETU

Ngozi ya njoka siitana msonkhano. Mukayamba kufunafuna galimoto munthu atalumidwa kale, mudzataya maola aŵiri kapena atatu. Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi ndi a nyakwaŵa ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, ndipo mugwirizane zinthu izi.

Dziŵani chipatala chapafupi ndi njira yachidule yofikirako, ya chilimwe ndi ya dzinja. Lembani pa pepala manambala a foni a mlangizi wa zaumoyo, a chipatala, ndi a anthu amene ali ndi galimoto kapena njinga zamoto. Pepalalo limatidwe pa khoma kwa a mfumu, ku tchalitchi ndi ku sukulu. Sungani machira pamalo odziŵika ndi aliyense. Sonkhani kandalama pang'ono kogulira petulo, ndipo kasungidwe ndi munthu wokhulupirika.

Inu alenje, okumba mbeŵa ndi ofula uchi, musanachoke pakhomo yang'anani ku mapazi anu, tengani ndodo ndi tochi, itanani mnzanu, ndipo mudziŵiretu njira ya ku chipatala.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zimateteza mlendo wa safari ku njoka. Ndi ziti zimene inu mungathe kuchita?

2. Chifukwa chiyani anthu amaponda mphiri kaŵirikaŵiri?

3. Kumanga mwendo ndi mphira kuli ndi kuipa kotani?

4. Munthu walumidwa, koma sakutupa ndipo akuti ali bwino. Kodi mungatani?

5. Lembani dzina la chipatala chimene chili pafupi ndi mudzi wanu, ndi maina a anthu aŵiri amene angathandize kunyamula wodwala usiku.